Mkonono unachepa msanga koma kubanika kunatsala: lipoti la bambo wa zaka 47

Dandaulo lomwe anabwera nalo

Bambo wa zaka 47, wogwira ntchito ya muofesi, anafika kuchipatala ndi akazi awo. Wodandaula kwenikweni anali mayi. Mkonono wa bambowa unali utakula m'zaka zitatu mpaka kumamveka chitseko chili chotseka, ndipo mayi masiku ambiri ankasamukira kuchipinda china pakati pa usiku. Titawafunsitsa, anatchula chinthu chodetsa nkhawa kuposa phokosolo. Pakati pa mkonono pankagwa bata mwadzidzidzi, chifuwa chikuyesetsa kukoka mpweya koma osalowa, kenako bambo ankadzidzimuka, n'kupuma mwamphamvu mokhala ngati atsamwa, n'kuyambiranso kuliza.

Eni ake sankadziwa chilichonse cha izi. Chomwe ankadziwa n'choti amagona maola 7 koma amadzuka otopa, kukamwa kutauma, masiku ena mutu ukuwawa mpaka cha m'ma 9 koloko. Usiku ankadzuka kawiri kapena katatu kukakodza, ndipo ankaganiza kuti mwina ayamba shuga. Ankawodzera pamisonkhano. Tsiku lina anasinza ali pachiwongolero, galimoto itaima pamaloboti.

Mbiri ya mankhwala ndi yomwe inaulula zambiri. Anali atamwa amlodipine 10 mg tsiku lililonse kwa zaka zinayi koma BP sinkatsika mokwanira. Miyezi 14 m'mbuyomo anadwala chimfine n'kugula mankhwala opopera m'mphuno a xylometazoline, ndipo sanawasiyenso: tsopano ankapopera kanayi kapena kasanu patsiku, apo ayi mphuno inkatsekeratu. Tulo tikavuta ankamwa diazepam 5 mg, masiku awiri kapena atatu pasabata. Mowa ankamwa mabotolo atatu kapena anayi madzulo, masiku anayi pasabata, botolo lomaliza likutha patatsala ola limodzi kuti agone. Fodya anasiya zaka 6 zapitazo, ndipo chisiyireni thupi linawonjezera makilogalamu 13. M'mawa ankayetsemula kwambiri, maso akuyabwa, makamaka akakutumula zofunda.

Zomwe tinapeza powayeza

Pasikelo anali makilogalamu 96, kutalika masentimita 172, BMI (nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu) 32. Khosi, loyezedwa ndi tepi pamfundo ya kholingo, linali masentimita 43. BP inali 150/94. Lilime linali lalikulu, m'mbali mwake muli zipsera za mano, ndipo atayasamula sitinathe kuona khoma la kumbuyo kwa mmero, tinangoona gawo lofewa la denga la m'kamwa ndi tsinde la kanyama kolendewera kummero. Pamuyeso wa Mallampati, woona kuchuluka kwa mmero umene ukuoneka munthu akayasamula, imeneyi ndi kalasi 3 mwa makalasi 4. Titatsindika lilime tinaona kuti kanyamako n'kotupa komanso kotalika, monga kamakhalira kakamagwedezeka usiku wonse. Ma tonsils anali aang'ono. Mkati mwa mphuno munali motupa ndi mofiira mbali zonse, khoma logawa mphuno litapendekera pang'ono kumanzere. Mano anali 28, olimba, nkhama zabwino, ndipo ankatha kutulutsa nsagwada ya m'munsi patsogolo mamilimita 10. Manambala a mano ndi nsagwadawa anadzagwira ntchito patsogolo.

Magazi anaonetsa kuti shuga ali bwino, chithokomiro chikugwiranso ntchito bwino. Chithokomiro timachiyeza chifukwa chikafooka chimanenepetsa munthu ndi kutupitsa minofu ya pakhosi.

Tinagwiritsa ntchito mafunso amitundu iwiri. A Epworth, omwe Murray Johns anakonza ku Melbourne mu 1991, amafunsa mpata woti munthu angasinze pazochitika 8, monga powerenga, poonera TV kapena atakhala phee atadya masana. Chilichonse chimapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 24, ndipo kupyola 10 ndiye kuti tulo ta masana tachuluka. Bambowa anapeza 14. A STOP-BANG, ochokera ku yunivesite ya Toronto, ndi mafunso 8 oyankha inde kapena ayi: mkonono waukulu, kutopa masana, kuonedwa ukusiya kupuma, BP yokwera, BMI yoposa 35, zaka zoposa 50, khosi loposa masentimita 40, ndi kukhala mwamuna. Anayankha inde pa 6. Kuyambira 5 kupita m'mwamba, mpata woti munthu ali ndi vuto lobanika kutulo ndi waukulu.

Chimachitika n'chiyani pammero

Kuchokera kuseri kwa mphuno kukafika pakholingo, njira ya mpweya ilibe fupa loigwira. Imakhala yotseguka chifukwa cha mphamvu ya minofu ya lilime ndi ya mmero, ndipo munthu akagona minofuyi imalefuka. Njira ikachepa, mpweya umadutsa mothamanga n'kumakokera makoma ake mkati, monga payipi yofewa imaphwatalalira ukaikoka mpweya mwamphamvu. Denga lofewa la m'kamwa, kanyama kolendewera ndi tsinde la lilime zimayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemerako ndiye mkonono. Makomawo akakhudzana n'kutsekeratu, phokoso limatha, okosijeni m'magazi amatsika, ubongo umamudzutsa munthu kwa timasekondi toti sangatikumbukire, minofu n'kugwiranso. Nthawi iliyonse zikatero mtima umathamanga ndipo BP imalumpha. Kukoka mpweya njira ili yotseka kumakokanso makoma a mtima, ndipo mtima umatulutsa homoni yomwe imauza impso kuti zitaye madzi. Mkodzo wa usiku wa bambowa unkachokera pamenepa.

Kuyeza tulo

Anapatsidwa kachipangizo kogona nako kunyumba: kachubu ka m'mphuno koyeza mpweya, lamba wa pachifuwa, koyeza okosijeni kovala kuchala, ndi kozindikira mbali yomwe munthu wagonera. Powerenga, kusiya kupuma kwa masekondi 10 kapena kuposa kumawerengedwa kamodzi. Kumawerengedwanso kuchepa kwa mpweya ndi maperesenti 30 kwa masekondi 10, okosijeni akatsika nawo. Zonse zikagawidwa ndi maola, pamatuluka nambala yotchedwa AHI. Pansi pa 5 ndi bwino, 5 mpaka 15 vuto ndi laling'ono, 15 mpaka 30 lapakati, kuposa 30 lalikulu.

AHI ya bambowa inali 22, okosijeni anatsika mpaka 82 peresenti. Koma nambala ya 22 inkabisa nkhani. Akagona chagada inali 41, akagona chammbali 9, ndipo magawo 4 mwa 10 a usiku anagona chagada. Nambala ya chagada ikaposa ya chammbali kawiri kapena kuposa, timati vutolo limadalira kagonedwe. Chagada lilime ndi denga lofewa zimagwera kumbuyo ndi kulemera kwake.

Kwa munthu wa AHI 22, wosinza masana, wa BP yosamva mankhwala, chithandizo choyamba ndi makina a CPAP, omwe Colin Sullivan anawayambitsa ku Sydney mu 1981. Amakankha mpweya kudzera mu masiki, kawirikawiri pamphamvu ya pakati pa 4 ndi 20 cmH2O, kuti mmero usatsekeke. Bambowa anayesa masiki ya pamphuno ali m'chipinda choyezera, koma pasanathe mphindi zisanu anaivula. Sizinatidabwitse: mphuno yotseka choncho singalandire mpweya wa makina, munthu amangomva ngati akumubanikitsa. Anakana kupita nawo kunyumba. Tinagwirizana zoti tikonze zomwe zingakonzeke m'masabata 8 kenako tiyezenso tulo, ndipo panthawiyi asayendetse galimoto akamva tulo, ngakhale ulendo waufupi.

Mphuno

Apa ndi pomwe panali ntchito yovuta. Xylometazoline ndi mnzake oxymetazoline amafinya mitsempha ya magazi ya m'mphuno, n'chifukwa chake amatsegula m'mphindi zochepa. Akagwiritsidwa ntchito kupyola masiku asanu kapena sabata, mphamvu yake ikatha mitsempha ija imatupa kuposa poyamba, munthu n'kupoperanso, ndipo mankhwalawo ndiwo amasanduka choyambitsa matenda. Kusiya mbali zonse tsiku limodzi kumatheka koma ambiri amagonja usiku wachiwiri. Tinawauza kuti asiyiretu mphuno yakumanja, yakumanzere azipopera kamodzi kokha pogona. Patatha masiku 10, yakumanja itayamba kutseguka yokha, anasiyanso kumanzere.

M'malo mwake anayamba kutsuka mphuno ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo: theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'mamililita 250 a madzi owiritsa ndi kuziziritsa. Madzi osawiritsa sayenera kulowa m'mphuno. Mchere ukachuluka kapena ukachepa kwambiri madziwo amawawa, ndipo anthu amasiya chifukwa cha zimenezi. Pakatha mphindi 15 atatsuka m'mawa, ankapopera mometasone, mankhwala ochepetsa kutupa kwa m'mphuno, kawiri mphuno iliyonse, kamodzi patsiku. Kapoperedwe kali ndi malamulo ake. Mutu uweramire patsogolo pang'ono, dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, kuti kamwa la botolo liloze kunja chakukhutu osati pakhoma lapakati. Likamaloza pakhomalo, kamfuno amayamba. Osakokanso mpweya mwamphamvu, chifukwa mankhwala amangotsikira kummero. Tinawachenjezeratu kuti awa satsegula mphuno tsiku lomwelo, mphamvu yake imamveka bwino pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wosachenjezedwa amawataya tsiku lachitatu n'kubwerera ku botolo lakale. Chifukwa cha kuyetsemula kwa m'mawa kuja, zofunda ndi nsalu za pilo zinayamba kuchapidwa ndi madzi otentha sabata iliyonse.

Mowa, diazepam ndi kagonedwe

Mowa ndi diazepam zimalefula minofu ya mmero kuposa momwe tulo tokha timachitira, komanso zimachedwetsa ubongo kudzuka mpweya ukatseka, choncho kubanika kumatalika. Diazepam anasiya nthawi yomweyo, popeza ankamwa mwa apo ndi apo. Wakumwa tsiku lililonse kwa miyezi sasiya choncho, amachepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala. Za mowa sitinalamule kuti asiyiretu, lamulo lomwe tinkadziwa kuti silingasungidwe. Tinagwirizana mabotolo osapyola awiri, lomaliza lithe patatsala maola anayi kuti agone.

Kuti asagone chagada, mayi anasoka thumba kumsana kwa tisheti, pakati pa mapewa, n'kuikamo mpira wa tenesi. Sabata yoyamba sizinagwire chifukwa tishetiyo inali yaikulu, mpira unkatsetserekera m'khwapa. Anasintha n'kutenga yothina, thumba lalitali lotsata msana, mipira itatu. Kumutu kwa bedi anakweza ndi matabwa a masentimita 12 pansi pa miyendo iwiri. Kuunjika mapilo sikufanana ndi zimenezi, kumapinda khosi, chibwano n'kugwera pachifuwa, njira ya mpweya n'kucheperanso. Tinene poyera kuti mpira wa kumsana ambiri amatopa nawo pakapita miyezi, chifukwa umapweteka. Zilipo zipangizo zovala pakhosi kapena pachifuwa zomwe zimanjenjemera munthu akagona chagada, ndipo anthu amakhalitsa nazo.

Thupi ndi minofu ya lilime

Kafukufuku wa ku Wisconsin, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti kuchepa thupi ndi 10 peresenti kumatsitsa AHI ndi pafupifupi 26 peresenti, ndipo kunenepa ndi 10 peresenti kumaikweza ndi pafupifupi 32 peresenti. Mafuta sakhala pamimba pokha, amalowanso m'lilime ndi m'mbali mwa mmero. Cholinga chinali makilogalamu 10 m'miyezi 6 mpaka 9, pochepetsa chakudya cha madzulo ndi zakumwa zotsekemera, komanso kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pasabata.

Tinawaphunzitsanso zolimbitsa minofu ya m'kamwa, zomwe madokotala a ku São Paulo anaonetsa kuti zimachepetsa mkonono zikachitidwa kwa miyezi itatu. Nsonga ya lilime ikhudze denga la m'kamwa kuseri kwa mano n'kuikwekwesera kumbuyo, maulendo 20. Lilime lonse limamatire kudenga mochita kuyamwa, maulendo 20. Nsonga ikhale kuseri kwa mano a m'munsi, tsinde la lilime likanikizidwe pansi, maulendo 20. Kenako kuyasamula n'kumatchula "a" modukizadukiza, kuyang'ana pagalasi kuti kanyama kolendewera kakukwera, maulendo 20. Zonse zimatenga mphindi zosakwana 10, katatu patsiku. Bambowa ankakwanitsa kawiri.

Sabata ya 8

Anabwera osangalala. Mayi anati mkonono watsala wapansipansi ndipo asiya kusamuka usiku. Mphuno inali yotseguka mbali zonse, sikelo inawerenga 93, BP 144/90. Bambo anaona ngati kuyezanso tulo n'kutaya nthawi, ndipo anatisonyeza pulogalamu ya pafoni yojambula mkonono, mizere yake itatsika ndithu.

Tinaumirira chifukwa cha zinthu ziwiri: Epworth inali idakali 11, ndipo ankadzukabe kawiri kukakodza. Zotsatira zinabwera AHI 13, okosijeni otsikitsitsa 86 peresenti. Nthawi yogona chagada inali itatsika kufika pa 15 peresenti ya usiku, ndipo kutsika kwa nambala yonse kunachokera pamenepo basi. Akangogona chagada ankabanikabe maulendo 38 paola, chammbali 9 monga kale. Mmero wokha unali usanasinthe kwenikweni.

Izi zimachitika kawirikawiri, ndipo ndi pamene odwala ambiri amatayika. Kutsegula mphuno kumachepetsa phokoso chifukwa munthu amasiya kupumira kukamwa ndipo sakokanso mpweya mwamphamvu, koma pa AHI kumasintha zochepa. Komanso mkonono umafuna mpweya wodutsa. Njira ikatsekeratu pamakhala zii, ndipo foni yomwe imangomva phokoso imalemba nthawi imeneyo ngati tulo tabwino. Ngakhale opaleshoni yodula kanyama kolendewera ndi m'mphepete mwa denga lofewa ikhoza kuchita zomwezi, kuchotsa chomwe chimalira n'kusiya tsinde la lilime likutsekabe njira. N'chifukwa chake amene anapezeka ndi vuto lobanika ayenera kuyezedwanso tulo akalandira chithandizo cha mtundu uliwonse, kaya kunyumba akuti kwakhala bata.

Chipangizo cha nsagwada

Mphuno itatseguka, CPAP inali yotheka ndipo tinaitchulanso. Iwo anasankha chipangizo chovala m'kamwa, ndipo pa AHI ya 13 sitinatsutse. Ndi timapulasitiki tiwiri toumbidwa molingana ndi mano a munthu, kam'mwamba ndi kam'munsi, tolumikizana mokoka nsagwada ya m'munsi patsogolo. Nsagwada ikapita patsogolo lilime limatsatira, kuseri kwake n'kutseguka. Chimafuna mano olimba osachepera 8 mpaka 10 m'mwamba ndi m'munsi, nkhama zosadwala, ndi mfundo ya nsagwada yosapweteka. Zogula kale zoviika m'madzi otentha n'kuluma zimavuka usiku ndipo zambiri sizisinthika, choncho tinawatumiza kwa dokotala wa mano kuti awaumbire chawo.

Anayambira pa mamilimita 6, malangizo ali oti aziwonjezera theka la milimita pasabata. Pofuna kufulumira, anapotokola okha sikuluwu mpaka mamilimita 9 m'masiku 10. Anabwera akumva kuwawa kutsogolo kwa makutu, kutafuna kukuvuta. Chipangizo chinapumitsidwa masiku anayi, n'kubwezedwa pa 6, kenako n'kukwera pang'onopang'ono mpaka 7.5, pomwe mayi anati sakumvanso kanthu ndipo nsagwada sinadandaule. Malovu ochuluka a masabata oyamba anatha okha. M'mawa mano sankakumana bwino kwa mphindi 20 kapena 30, zomwe n'zoyembekezereka, ndipo anapatsidwa kolumira m'mawa kobwezera nsagwada m'malo mwake.

Mwezi wa 6

Anali makilogalamu 88, khosi masentimita 41, BP 136/86 pamankhwala omwe aja. Epworth inatsika kufika pa 7, kukodza usiku kamodzi kapena osadzuka n'komwe, mutu wa m'mawa unatha. Kuyeza tulo atavala chipangizo kunapereka AHI 4, okosijeni osatsika pansi pa 91 peresenti. Tisheti ya mipira anali ataisiya mwezi wachinayi, koma matabwa a pansi pa bedi analipobe.

Wongoliza mkonono, yemwe sasinza masana, sanaonedwepo akusiya kupuma ndipo BP yake ili bwino, akhoza kuyamba yekha ndi zomwe tinayamba nazo apa: mphuno, nthawi ya mowa, kugona chammbali, thupi, fodya ngati amasuta, ndi kugona maola okwanira, popeza munthu akagona ali wotopa kwambiri mkonono wake umakula. Timapepala tomata pamphuno timathandiza okhawo omwe mphuno zawo zimafinyika pakhomo pokoka mpweya. Zopopera kummero zomwe amazitsatsa kwambiri umboni wake ndi wofooka. Kumata pakamwa ndi pulasitala sitikulimbikitsa, ndipo kwa munthu wa mphuno yotseka kapena wobanika n'koopsa. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse nkhani yake ndi ina, nthawi zambiri amakhala ma tonsils ndi ma adenoids (minofu ya kuseri kwa mphuno) otupa, ndipo aonedwe ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero.

Bambowa apitiriza mometasone m'nyengo zomwe kuyetsemula kumabuka, ndipo xylometazoline asadzapyoze masiku atatu ngakhale chimfine chitavuta. Dokotala wa mano adzawaona pakatha miyezi 6, kenako chaka chilichonse, chifukwa chipangizochi chikavalidwa zaka chimasuntha mano pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Tulo tidzayezedwanso thupi likasintha ndi 10 peresenti, kukwera kapena kutsika, BP ikayambanso kuvuta, kapena kusinza kwa masana kukabwerera. AHI ikadzakwera atavala chipangizo, chotsatira chidzakhala CPAP.